Ziboliboli zidalowa bwanji m'minda ya zomera?

Munthu akamayenda m'munda wa Kirstenbosch, m'tsinde mwa phiri la Table Mountain ku Cape Town, amaona tizikwangwani ting'onoting'ono patsinde pa mitengo ndi zitsamba. Pa kachikwangwani kalikonse pali dzina la chomeracho m'Chilatini, banja lake, ndi dera limene chimamera chokha kutchire. Ukapitirira pang'ono, pa kapinga wina umakumana ndi zinthu zimene sizimera, sizithiriridwa, ndiponso sizibala mbewu. Ndi miyala yakuda bii ndi ina yobiriwira, yosemedwa ngati anthu, mbalame ndi nyama. Amisiri ake ndi a ku Zimbabwe, ndipo ukakhala ndi ndalama ukhoza kugulako. Kumtunda kwake, pakati pa zomera zakalekale zotchedwa cycad, kwaima zilombo zikuluzikulu za malata, zofanizira madayinoso aja adatha padziko kalekale. Nazonso adapanga ndi mmisiri wa ku Zimbabwe, David Huni.

Si Kirstenbosch yokha. Minda ya ku London, New York, St. Louis, Atlanta ndi mizinda ina yambiri masiku ano imakhala ndi zionetsero za ziboliboli pafupipafupi, ndipo nthawi zina anthu amathamangira chionetserocho kuposa maluwa enieniwo. Kuti timvetse mmene zidafikira apa, tiyambe tadziwa kuti munda wotere ndi chiyani, chifukwa ambiri timausokoneza ndi paki.

Paki ndi malo opumulirako. Munda wa zomera, umene Angerezi amati botanic garden, uli ngati laibulale, kungoti mabuku ake ndi amoyo. Chomera chilichonse chili ndi nambala, ndipo m'kaundula mudalembedwa amene adachibweretsa, kumene adachitenga ndi chaka chake. Munda wa Kew ku London udayamba mu 1759, ndipo lero umasunga zomera zouma zomata pamapepala pafupifupi 7 miliyoni zoti akatswiri azifufuzirapo. M'nthawi ya atsamunda Kew idali ngati msika waukulu wa mbewu za ufumu wa Britain. Mu 1876 njere za mtengo wa labala pafupifupi 70,000 zidatengedwa ku Brazil kupita ku Kew, ndipo mbande zimene zidamera zidatumizidwa ku Ceylon ndi ku Malaya. Munda wa ku Zomba, umene Alexander Whyte adayambitsa mu 1891, udali mbali ya ntchito yomweyo yoyesa mbewu. Dzina la bambo ameneyu lidakakamira pa mkungudza wa ku Mulanje, umene asayansi amautcha Widdringtonia whytei mpaka lero. Kirstenbosch idabwera mu 1913, pa malo amene Cecil Rhodes adasiyira boma, ndipo idasiyana ndi inzake chifukwa idasankha kusamala zomera za m'dziko momwemo.

Luso la zojambula lidalimo m'minda imeneyi kuyambira kale, koma lidali lantchito wa sayansi. Kamera isanafale, katswiri ankadalira wojambula kuti duwa la kutali lioneke bwino papepala. Ku Kew kuli nyumba imene idatsegulidwa mu 1882, yodzaza ndi zithunzi zoposa 800 zimene Marianne North adajambula pa maulendo ake m'mayiko osiyanasiyana. Chachilendo ndi ichi cha masiku ano, chobweretsa ziboliboli zolemera matani, kuziimika pakati pa mitengo kwa miyezi ingapo, kenako n'kuzinyamulanso.

Gwero lake lalikulu ndi ndalama, ndipo palibe chifukwa chobisira. Cha mu 1983 boma la Britain linkapereka pafupifupi 90 peresenti ya ndalama zoyendetsera Kew. Pofika 2014 gawolo lidali litatsika kufika pansi pa 40 peresenti, mundawo udaperewera mapaundi pafupifupi 5 miliyoni, ndipo anthu oposa 100 adauzidwa kuti ntchito yawo ikhoza kutha. Zotsalazo ziyenera kuchokera pa geti, m'sitolo, m'lesitilanti ndi kwa anthu akufuna kwabwino. Tsono vuto la munda ndi lakuti mtengo suthamanga. Munthu amene adauona chaka chatha amadziwa kuti chaka chino ulipobe, ndipo chaka chamawa udzakhalapo. Chionetsero chili ndi tsiku lotsekera, ndiye munthu amavala nsapato n'kupita lisanakwane.

Amene adatsegula maso a oyang'anira minda ndi Dale Chihuly, mmisiri wa ku America woumba magalasi. Mu 2001 adaika magalasi ake amitundumitundu pakati pa zomera za m'nyumba yagalasi ya Garfield Park ku Chicago, m'dera limene anthu ambiri a mumzindawo adali atasiya kupitako, ndipo khamu lidakhamukira kumeneko. Minda ina idaona, nayonso idamuitana: Atlanta mu 2004, Kew mu 2005 ndi mu 2019, New York mu 2006 ndi mu 2017. Kew idaonetsanso ziboliboli zikuluzikulu 28 za Henry Moore kuyambira mu 2007 mpaka 2008. Munda wa ku New York utakonza chionetsero chokumbukira Frida Kahlo wa ku Mexico mu 2015, kudabwera anthu oposa theka la miliyoni. Mu 2021 munda womwewo udafika pokulunga mitengo yake nsalu zofiira za madontho oyera, luso la mayi wa ku Japan, Yayoi Kusama.

Pali akatswiri a zomera amene zimenezi siziwasangalatsa. Amati mlendo amajambulitsa pafupi ndi galasi lowala, n'kutuluka osadziwa dzina la mtengo ngakhale umodzi, ndipo munda umasanduka katani chabe ya kumbuyo kwa chithunzi. Oyang'anira amayankha kuti ndalama ya pa geti ya munthu yemweyo ndiyo imalipira malipiro a wofufuza amene akusunga njere za chomera chimene chatsala pang'ono kutha. Ine ndimaona kuti onse akunena zoona, ndipo chimene chimasiyanitsa chionetsero chabwino ndi chachabe ndi kumene chimalozetsa maso a munthu. Mu 2012 David Nash adakhala ku Kew miyezi yambiri akusema mitengo ya m'mundamo imene idafa kapena idayenera kudulidwa, anthu akuonerera. Amene adaima pamenepo adaona mkati mwa thunthu, mizere ya zaka zake, ndi kusiyana kwa mtengo wina ndi unzake pansi pa sowo. Madayinoso a ku Kirstenbosch nawonso sadaikidwe mwachisawawa. Zomera za cycad zidalipo kale m'nthawi ya zilombozo, zidapulumuka pamene izo zidatha, koma lero zili m'gulu la zomera zimene zili pangozi kwambiri chifukwa akuba amazizula n'kukagulitsa kwa anthu olemera. Mu 2014 mbava zidalowa m'munda womwewo n'kuzula zoposa 20. Pafupi ndi zilombo za malatazo pali cycad wotchedwa Encephalartos woodii, amene adapezeka mu 1895 m'nkhalango ya oNgoye ku KwaZulu-Natal. Adapezeka wamwamuna yekha, wamkazi sadaonekepo, ndipo onse amene ali m'minda ya padziko lapansi ndi mphukira za yemweyo. Mwana amene wabwera kudzaona dayinoso amapita kwawo atamva nkhani imeneyi.

Walira mvula walira matope. Khamu likabwera limabwera ndi mapazi, ndipo chiboliboli chimabwera ndi kreni ndi lole. Mizu yambiri ya mtengo siipita pansi kwambiri monga timaganizira. Imayala m'dothi la pamwamba n'kufika kutali kupitirira pamene nthambi zalekezera, ndipo imafuna mpweya. Dothi likapondedwa mpaka kulimba ngati bwalo la mpira, mtengo umafooka pang'onopang'ono, ndipo zizindikiro zimadzaoneka patapita zaka, chionetsero chitaiwalika kale. A ku Kew adaphunzira izi mwangozi. Mu Okutobala 1987 mphepo ya mkuntho idagwetsa mitengo mazanamazana m'mundamo. Mtengo wina wakale wotchedwa Turner's Oak, umene udali wodwaladwala, mphepo idaunyamula ndi mizu yomwe n'kuubwezera pamalo pake. Anthu adayesa kuti watha, koma udayamba kuphuka bwino kuposa kale, chifukwa dothi limene lidalimba ndi mapazi a alendo lidali litagumuka. Kuchokera apo adayamba kufewetsa dothi la patsinde pa mitengo yakale pogwiritsa ntchito mpweya wamphamvu. N'chifukwa chake malo oimikapo chiboliboli sasankha wojambula yekha. Wosamala mitengo amakhala ndi mawu, amayala matabwa kapena zitsulo pamene galimoto idutse, ndipo pena amakana ndithu.

Ngakhale mabokosi onyamulira ndi nkhani. Thabwa likhoza kubisa anankafumbwe a m'mitengo ndi tizilombo tina, ndipo palibe malo oipa kutsegulira bokosi lotere kuposa munda wodzaza mitengo yosowa. Lamulo la mayiko lotchedwa ISPM 15 limati matabwa olongedzera katundu wodutsa malire atenthedwe mpaka mkati mwake mufike madigiri 56 kwa mphindi 30, kapena afukizidwe mankhwala, ndipo adindidwe chidindo. Kenako pali dzuwa, mvula, chisanu, zitosi za mbalame, ana okwera pamwamba, ndi akuba. Mu Disembala 2005 chiboliboli cha mkuwa cha Henry Moore cholemera pafupifupi matani 2 chidabedwa pa malo ake ku Perry Green ku England. Mtengo wake udali mapaundi pafupifupi 3 miliyoni, koma apolisi adakhulupirira kuti chidadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 1,500. Mwala uli ndi mwayi pamenepa, popeza sungasungunulidwe.

Mwala umenewu ndi umene ukutifikitsa pafupi ndi kwathu.

Pakati pa dziko la Zimbabwe padutsa mtandadza wa mapiri wotalika makilomita oposa 500, wotchedwa Great Dyke. Muli chrome ndi platinum, komanso muli mwala wa serpentine wa mitundu yambiri, wina wofewa, wina wolimba kwambiri ndi wakuda umene amisiri amautcha springstone. Ngakhale ku Great Zimbabwe kudapezeka mbalame zosema pamwala za zaka mazana ambiri zapitazo, kusema kumene tikuona lero n'kwatsopano. Kudayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba ya zaluso imene idatsegulidwa ku Salisbury (Harare wa lero) mu 1957, adayamba kulimbikitsa anthu akuda kujambula ndi kusema, ndipo Joram Mariga wa ku Nyanga adamuonetsa zimene ankasema pamwala wofewa. McEwen adali ndi abwenzi m'mabwalo a zaluso ku Ulaya, ndipo mu 1971 ntchito za amisiriwa zidaonetsedwa ku Musée Rodin ku Paris.

Nthambi ina idaphukira pa famu ya fodya. Mu 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia (Zimbabwe wa lero) lidadzilengeza lokha kuti ladziimira, mayiko adaliikira zilango za malonda, ndipo fodya adasowa msika. Tom Blomefield, mlimi wa m'dera la Guruve kumpoto kwa Harare, adatsala ndi antchito opanda chochita. Mmisiri wina, Crispen Chakanyuka, adamuonetsa kuti pa malo akewo pali serpentine wabwino, ndipo mu 1966 mudzi wa osema wa Tengenenge udayamba.

Nanga antchito a m'mafamu a fodya ku Rhodesia nthawi imeneyo adali ndani? Aliyense amene agogo ake adapitako ku Halale akudziwa yankho. Ambiri adali ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia, ku Mozambique ndi ku Angola, ena oyenda pansi, ena otengedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi, ena okwera malole osalipira otchedwa Ulere. Ena adabwerera ndi njinga ndi sutikesi, ena adasanduka matchona. Choncho pakati pa osema oyambirira a ku Tengenenge padali Lemon Moses, Mchewa wochokera ku Malawi, padali Amali Malola ndi Josia Manzi, Ayao a mizu ya ku Malawi, padali Makina Kameya wa ku Angola, padalinso Fanizani Akuda wa ku Zambia. Ankasema limodzi ndi Ashona monga Bernard Matemera ndi Henry Munyaradzi, amene adadzatchuka kwambiri. Anthu a m'mafamuwa adapita ndi gule wawo, ndipo mpaka lero Gule Wamkulu amavinidwa m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, kumene eni dziko amatcha zilombozo kuti zvigure. Ofufuza amene adayang'anitsitsa ziboliboli zoyambirira za ku Tengenenge adaonamo nkhope za nyau, ndiponso zigoba za makishi za anthu a ku Angola.

Kasemedwe kake n'ka manja. Mmisiri amayamba ndi nyundo ndi chitsulo chosongoka kugumula mbali zosafunika, kenako tchizulo, kenako tupa. Akafika posalaza amagwiritsa ntchito sandipepa wonyowetsa m'madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, ntchito yotenga masiku imene nthawi zambiri ana ndi achibale amathandiza. Apa mwala umaoneka wotuwa ngati phulusa. Ndiye amauwotcha pamoto kapena ndi chowotcherera cha gasi, n'kuupaka phula kapena polishi wa pansi ukadali wotentha kuti alowerere. Ukazizira amaupukuta ndi nsalu, ndipo mtundu wake weniweni umatuluka. Mbali zina amazisiya dala zosapaka, kuti tsitsi kapena chovala chioneke chotuwa pambali pa nkhope yonyezimira.

Ku Tengenenge ziboliboli siziikidwa m'nyumba. Zimaima panja pa zitsa, pansi pa mitengo ya msasa, mmisiri aliyense ndi kabwalo kake. Ndiye zikafika m'munda wa zomera zimakhala ngati zafika kwawo, kusiyana ndi m'chipinda cha makoma oyera ndi magetsi. Mwala wakuda umaoneka bwino pa msipu wobiriwira, mvula ikagwa umawala, ndipo munthu amatha kuuzungulira mbali zonse. Amene adaona msanga mwayi umenewu ndi Roy Guthrie, amene adayamba kugulitsa ndi kusonkhanitsa ziboliboli ku Harare mu 1970, ntchito imene idakula kukhala Chapungu Sculpture Park ku Msasa. Chapungu ndi dzina la Chishona la mtundu wina wa chiwombankhanga. Mu 2000 gulu lake lidaimika ziboliboli zikuluzikulu m'munda wa Kew, mu 2001 zoposa 60 zidakafika ku Missouri Botanical Garden ku St. Louis, ndipo pambuyo pake zidayenda m'minda ya ku Salt Lake City, Chicago ndi Denver. Amisiri ena ankapita nawo, n'kumasema pamaso pa alendo ndi kuphunzitsa ofuna kuyesa. Lero ku Loveland, m'chigawo cha Colorado, kuli paki yokhazikika ya Chapungu ya ziboliboli zoposa 80. Gulu lina lotchedwa ZimSculpt lachita zofananazo m'minda ya ku Canada ndi ku Dallas.

Zionetsero zimenezi zimasiyana ndi za Moore kapena Kusama pa chinthu chimodzi: pambali pake pamakhala msika. Zikuluzikulu zimakopa maso, zing'onozing'ono zimagulidwa n'kulowa m'galimoto. Kuyambira mu 2000, pamene chipwirikiti cha kulanda mafamu ndi kugwa kwa chuma zidathamangitsa alendo ku Zimbabwe, wogula sankabweranso ku Guruve kawirikawiri, ndipo mwala udayenera kumutsatira kumene ali. Mtengo umene walembedwa ku London kapena ku Dallas umagawidwa pakati pa munda, wokonza chionetsero, wa sitima ya pamadzi, wa inshuwalansi ndi mmisiri. Wosema amene alibe pasipoti kapena foni yabwino amadalira chilungamo cha munthu wapakati, monga amachitira mlimi wa fodya amene sadafikepo ku okushoni.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi dzina. Pa msika wa dziko lonse luso limeneli limadziwika kuti Shona sculpture, ziboliboli za Ashona. Dzinali lidafala m'nthawi ya McEwen, amene ankakonda kufotokoza ntchitozi kudzera m'nthano ndi mizimu ya Chishona, ndipo ogula a ku Ulaya adalikonda chifukwa linkamveka ngati mwambo wa makolo wa zaka chikwi. Kunena chilungamo, osema ambiri ndi Ashona ndithu, ndipo ena mwa okonza zionetsero adasiya dzinali n'kumati ziboliboli za miyala za ku Zimbabwe. Komabe dzina lakalelo lidaphimba manja a Achewa, Ayao ndi Ambunda amene adali pa chiyambi penipeni. Ndipo anthu ake ndi omwe aja ankanyozedwa kuti mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, amene ana awo obadwira konko zitupa zawo zidalembedwa kuti ndi alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adatsegula njira yoti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'mayiko a SADC akhale nzika. Munda wa zomera sungalole kuti duwa la ku Mulanje lilembedwe kuti n'la ku Nyanga, ndipo katswiri akapeza cholakwa chotere amasintha kachikwangwani. Kachikwangwani ka chiboliboli kawirikawiri kamangonena dzina la mmisiri, mutu wa ntchito, mtundu wa mwala, mwina ndi mtengo.

Tengani Fanizani Akuda. Adabadwa mu 1932 ku Zambia, adapita ku Southern Rhodesia mu 1949 kukafuna ntchito, ndipo adagwira maganyu osiyanasiyana asanafike pa famu ya Blomefield. Kumeneko adayamba ndi kukumba miyala yoti ena aseme, kenako adagwira tchizulo yekha. Nkhondo yomenyera ufulu itakula m'dera la Guruve adasamukira ku Chitungwiza, kumene adapitiriza kusema mpaka adamwalira mu 2011. Ntchito zake munthu amazizindikira ali patali: nkhope zozungulira, maso otsinzina ong'ambika pakati, anthu omwetulira, mabanja okumbatirana, ndi ena otukumula masaya akuimba likhweru. Zidagulidwa ndi kuonetsedwa m'mayiko ambiri pansi pa dzina lija la Shona sculpture. Mlendo wa ku Ulaya amawerenga dzina lake ngati mawu achilendo chabe. Ife tikaliwerenga timamva mneni wathu, kufaniza, umene udabala mawu oti chifanizo ndi chifaniziro. Mfunda wake adali Phiri.